Ndikanathamangira naye ku Gulupu, mwana wanga akanachira bwinobwino?

Funso

Adokotala, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kufupi ndi Benga m'boma la Nkhotakota. Mu February mwana wanga wamwamuna wa zaka zinayi anadwala malungo a mu ubongo. Anakomoka masiku awiri pachipatala china kuno kwathu, koma Mulungu ndi wabwino, anatsitsimuka. Vuto n'lakuti sanabwerere mwakale. Sakhazikika, amamenya anzake, mawu amatuluka movutikira, ndipo kawiri konse wagwa n'kumaphupha thupi lisakutentha. Alamu anga amene amagwira ntchito ku Blantyre akuti ndinalakwitsa, ndikanathamangira naye ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre komweko, chifukwa ndi kumene kuli akatswiri a malungo odziwika dziko lonse lapansi. Kodi mbiri ya chipatalachi ndi yoona? Nanga ndigulitse mpunga ndipite naye panopa?

Naphiri, Nkhotakota

Yankho

ANaphiri, pepani ndi matenda, ndipo tithokoze kuti mwanayo ali moyo. Ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo: simunalakwitse. Alamu anu akunena zoona pa za mbiri ya chipatalacho, koma pa zimene munayenera kuchita tsiku lija, aphonya.

Tauwerengani nokha ulendowo. Pa Benga mudikire minibasi, mutsike pa Kamuzu Road ku Salima, mupeze ina yodzera ku Golomoti mpaka ku Balaka, kenako Zalewa, ndiye Blantyre. Ndi makilomita oposa 300, ndipo msewu wa M5 mukuudziwa mmene umakhalira m'dzinja. Mwana wokomoka ndi malungo alibe tsiku lathunthu lotaya panjira. Ambiri mwa ana amene amatisiya ndi malungo a mu ubongo amapita m'maola 24 oyambirira atagonekedwa, ndipo chowapulumutsa ndi zinthu zochepa zochitika msanga: jekeseni ya artesunate, kuyeza shuga wa m'magazi n'kumuonjezera ngati watsika, kuletsa kuphupha, kuika magazi ngati achepa, ndi namwino womutembenuza ndi kumuyang'anira usiku wonse. Artesunate amene amabaya ku Blantyre ndi yemweyo amene anabaya mwana wanu. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tsopano za mbiriyo. Chipatala cha Queen Elizabeth Central, chimene akuluakulu amachitcha Gulupu pamene achinyamata amangoti ku Queens, chinatsegulidwa mu 1958 ndipo chili ndi mabedi oposa 1,000. Kukula pakokha sikukanachitchukitsa kunja. Chinachikweza ndi sukulu ya madokotala imene inakhazikitsidwa pafupi nacho mu 1991, College of Medicine, imene kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, komanso magulu a kafukufuku amene anamanga msasa m'kati mwa mpanda wake: a Blantyre Malaria Project kuyambira 1986, a Johns Hopkins amene anayamba ntchito ndi Pulofesa John Chiphangwi mu 1989, ndi a Malawi-Liverpool-Wellcome mu 1995. Ine ndinaphunzira kumeneko, choncho mundikhululukire ndikamayankhula ngati mwana wa pakhomopo.

Koma ndikufuna muone kumene zipatso za ntchito imeneyi zili, chifukwa zambiri sizili ku Blantyre. Zinali pabedi la mwana wanu.

Mwina munaona papepala la kumiyendo kwa bedi zilembo zoti BCS, pambali pake nambala ngati 2/5, mawa lake 3/5, mpaka 5/5 tsiku limene anakuzindikirani. B ameneyo akuimira Blantyre. Munaonanso namwino akutenga cholembera n'kukanikiza chikhadabo cha mwana, kapena kumutikita mwamphamvu pachifuwa ndi mfundo za zala. Amayi ambiri zimawawawa, ena amachita kugwira dzanja la namwinoyo. Si nkhanza ayi. Iye amakhala akuyang'ana zinthu zitatu. Kodi mwana akukankha dzanja limene likumupwetekalo, kapena akungothawitsa chala, kapena ali zii? Kodi akulira kulira kwenikweni kwa mwana, kapena akungobuula? Kodi maso ake akutsatira nkhope ya mayi wake ikamasuntha? Zonse zikakhala bwino amalemba 5. Akapeza 2 kapena kutsika apo, ndiye kuti mwana wakomoka kwathunthu. Kale madokotala ankadalira muyeso wopangira akuluakulu, wofunsa wodwala kuti ali kuti ndipo lero n'lachingati. Mwana wa zaka ziwiri angayankhe bwanji zimenezo? Malcolm Molyneux, Terrie Taylor, Jack Wirima ndi mnzawo wina anasindikiza muyeso wa Blantyre mu 1989, ndipo lero namwino wa ku Ghana, ku Kenya kapena ku Mozambique amalemba zilembo zitatu zomwezo. Sufuna magetsi, sufuna makina. Cholembera ndi maso basi.

Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 1988, gulu lomweli linali litaonetsa kuti ena mwa ana a malungo aakulu amafika kuchipatala shuga wawo atatsika kale asanalandire mankhwala aliwonse, ndipo amenewo ndi amene amamwalira kwambiri. Kale anthu ankaloza chala kwinini yekha, mankhwala a malungo a nthawi imeneyo, kuti ndiye amatsitsa shugayo. Ndikukumbukira usiku wina pachipatala china cha m'mbali mwa nyanja kumene ndinkagwira ntchito, magetsi atazima, agogo ena anafika pa kabaza ndi mdzukulu atamufunditsa chitenje mpaka kumutu, iwo akulira kale maliro. Tinamubaya kachala, makina anaonetsa shuga wotsikiratu. Namwino anapeza mtsempha ine ndikumuunikira ndi tochi ya pafoni, n'kumulowetsa shuga pang'onopang'ono. Pasanathe mphindi khumi mwana anatakataka, kenako analira mpaka wodi yonse kudzuka. Agogo aja anagwada pasimenti pomwepo ngati ndachita chozizwitsa. Palibe chozizwitsa chimene ndinachita. Ndinangotsatira zimene anthu ena anapeza ku Blantyre ine ndili kupulayimale.

Ntchito imene inawatchukitsa kwambiri ndi yovuta kuikamba kwa kholo. Mu 1996 anayamba kupempha makolo amene ana awo amwalira kuti alole mtembo upimidwe. Mudziwa nokha mmene ife timalemekezera maliro, ndiye ganizirani mayi amene wangotaya mwana akuvomera zimenezo. Ena anavomera. Zotsatira zinatuluka mu 2004: mwa ana 31 amene madokotala onse ankati afa ndi malungo a mu ubongo, 7 anali atafa ndi matenda ena, tizirombo ta malungo tinangopezeka m'magazi mwawo monga timapezekera mwa ana ambiri a kuno kunyanja. Ndipo anapeza kuti chosiyanitsa magulu awiriwa chimaoneka kuseri kwa diso. Dokotala wa maso Susan Lewallen anali atayamba kale kufotokoza timadontho ta magazi ndi malo oyererako amene amaoneka m'diso la mwana wa malungo enieni a mu ubongo. Phunziro lake kwa ife a m'maboma linali lalikulu: mwana wokomoka akapezeka ndi malungo, usalekere pomwepo. Muganizirenso matenda oumitsa khosi ndi ena. N'chifukwa chake mwina mwana wanu anamutenga madzi a pamsana, kapena anamubaya jekeseni yachiwiri ya mtundu wina pamwamba pa artesunate.

Mu 2008 analandira makina a MRI ojambula ubongo, ndipo mu 2015 Karl Seydel ndi anzake anasindikiza zimene anaona mwa ana 168. Mwa ana amenewa, 25 anamwalira, ndipo 21 mwa 25 aja ubongo wawo unali utatupa kwambiri. Ubongo ukatupa m'chigaza umasowa kolowera, umakanikiza malo amene amalamulira kupuma, mwana n'kusiya kupuma. Funso la zaka zambiri, loti chimapha ana amenewa n'chiyani, linayankhidwa pamenepo. Koma taonaninso nambalazo. M'wodi ya kafukufuku, ya akatswiri omwewo amene alamu anu akuwatchula, makina a MRI ali pafupi, ana 25 mwa 168 anapitabe.

Apa ndiye tafika pa mwana wanu. Gretchen Birbeck ndi anzake anatsatira ana 132 amene anachira malungo a mu ubongo ku Blantyre, kuwayendera kwa miyezi yambiri atatuluka m'chipatala. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2010, zinaonetsa kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse anatsala ndi vuto: ena khunyu, ena kufooka kwa ziwalo kapena kuvutika kuyankhula, ena kusintha khalidwe, kusakhazikika ndi ndewu, ndendende zimene mwalembazi. Ana 12 mwa iwo anayamba kugwa khunyu, ena patapita miyezi akuoneka ngati achira. Ana amenewa sanagonekedwe ku Nkhotakota kapena ku Salima. Anagonekedwa ku Gulupu komweko. Choncho zimene mukuona mwa mwana wanu ndi chipsera cha matendawo. Si chizindikiro chakuti munasankha chipatala cholakwika, si kulodzedwa, ndipo si kusaleredwa bwino. Alamu anu muwawerengere ndime imeneyi, mwaulemu.

Zina ndingozidutsa mwachangu, chifukwa mukuzidziwa kale ngakhale simunauzidwe kumene zinachokera. Chiponde chimene amapereka kwa ana onyentchera chinayambira ku France, koma umboni waukulu wakuti mayi akhoza kumuchiritsa nacho mwana ali pakhomo pake, osagona m'chipatala masabata ambiri munda ukulowa tchire, unachokera ku ntchito imene Mark Manary ndi anzake anayamba ku Blantyre mu 2001. Makina a Pumani othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma, aja a kabotolo ka madzi kochita thovu, anapangidwa mogwirizana ndi Rice University ya ku America n'kuyesedwa m'wodi ya makanda ya Chatinkha ku Gulupu. Mapampu ake oyamba anali a m'mathanki owetera nsomba za m'nyumba. Dokotala Kondwani Kawaza ndi anzake anapeza kuti makanda 71 mwa 100 alionse oikidwa pamakinawa anapulumuka, poyerekeza ndi 44 mwa amene analandira okosijeni yekha, ndipo lero makinawa ali m'zipatala za m'maboma. Katemera wa tayifodi amene ana analandira m'dziko lonse mu May 2023 anayesedwa kuyambira 2018 pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, ndipo anateteza pafupifupi ana 8 mwa 10 alionse.

Komanso si zonse zinachokera ku Blantyre, tisamachite ngati dzuwa limatulukira ku Ginnery Corner, kumene kuli Gulupu. Umboni wakuti artesunate amapulumutsa ana ambiri kuposa kwinini unachokera ku kafukufuku wa ana oposa 5,000 m'mayiko 9 a mu Africa mu 2010, ndipo Malawi sanali m'gulumo. Chipatala chanu chachikulu, Kamuzu Central ku Lilongwe, nachonso chili ndi mbiri yake. Kudzera mwa a UNC Project, gulu la kafukufuku la University of North Carolina ya ku America, Lilongwe anali amodzi mwa malo, pamodzi ndi Blantyre, amene anachitikira kafukufuku wa 2011 woonetsa kuti munthu amene ali ndi HIV akayamba ma ARV msanga, mwayi wopatsira mnzake wa m'banja umatsika ndi 96 pa 100 iliyonse. Ndipo inu a ku Nkhotakota, amene mumadziwa kashembe ndi kaodzera chifukwa cha nkhalango ili pakhomo panu, mumve izi: mapiritsi a fexinidazole, amene bungwe la WHO linavomereza mu 2024 kuti akhale oyambirira pa kaodzera wa mtundu wathu uno, anayesedwa pachipatala cha boma cha Rumphi ndi china cha ku Lwala ku Uganda, pa odwala 45. Kale odwala kwambiri ankabayidwa melarsoprol, mankhwala oopsa amene pawokha ankapha pafupifupi munthu mmodzi mwa 20. Chipatala chaching'ono cha m'boma chinathandiza kusintha zimenezo.

Nanga dzina la chipatala chophunzitsira limatanthauza chiyani kwa munthu amene wanyamula mwana kumsana? Dzinalo limamangidwa ndi zimene asindikiza m'magazini a zachipatala, madokotala amene awaphunzitsa, ndi malangizo a kachiritsidwe amene asintha chifukwa cha iwo. Zonsezi n'zenizeni. Koma sizikuuzani kuti mukafika Lolemba m'mawa mudikira maola angati. Wodi ya kafukufuku imakhala ndi ndalama zakezake, anamwino ochulukirapo ndi mabedi owerengeka, ndipo imalandira okhawo amene akugwirizana ndi funso limene likufufuzidwa. Mbali yaikulu ya chipatala imayendera ndalama za boma zomwezo zimene zimayendetsa chipatala chanu, ndipo poti Blantyre ilibe chipatala cha boma chapakati ngati cha Salima kapena cha Nkhotakota, mzinda wonse umathamangira kumeneko. Kumene dzinalo limalemeradi ndi pa matenda ofuna manja ndi zipangizo zosapezeka m'boma: maopaleshoni ovuta a ana ku Mercy James Centre imene inatsegulidwa mu 2017, khansa ya ana, opaleshoni ya ubongo, kupsa kwambiri ndi moto. Pa amenewo ulendo wautali ndi woyenera, ndipo umayamba ndi kalata ya kuchipatala chanu.

Pali china chimene chimandikhumudwitsa pang'ono, ndinene poti ndayamba kale. Ndalama zambiri za kafukufuku zimachokera kunja, ndipo nthawi zambiri wagwira chikwama ndiye amasankha funso. Likodzo limene lazunza ana a m'mbali mwa nyanja kuyambira kalekale silinalandire chidwi chofanana ndi cha malungo kapena HIV. Ndipo mbiri ikamakambidwa timatchula mapulofesa, monga ndachitira inemu, kuiwala makolo a ku Ndirande amene anapereka mikono ya ana awo, ndi aja amene analola mitembo kupimidwa. Anthu ambiri amaopa kafukufuku, ndipo tonse tikukumbukira mphekesera za anamapopa za 2017 zimene zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi m'maboma oyandikana nawo. Mukadzapemphedwa kulowetsa mwana m'kafukufuku, dziwani kuti ayenera kukufotokozerani m'Chichewa, kukupatsani pepala loti musunge, ndipo kafukufukuyo akhale wovomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa olowa m'kafukufuku, monga COMREC. Mukhoza kukana, mukhoza kutuluka pakati, ndipo mwana alandirabe thandizo lake lonse.

Tsopano choti muchite. Mpunga musagulitse kaye. Sabata ino bwererani kuchipatala cha boma ndi buku la mwana la kuchipatala, mukanene momveka kuti anadwala malungo a mu ubongo mu February ndipo wagwa kawiri thupi lisakutentha. Mawu akuti "thupi lisakutentha" muwatsindike, chifukwa ndi amene amasiyanitsa khunyu ndi linjirinjiri la kutentha thupi. Mwana akagwa kawiri pamasiku osiyana popanda chomuyambitsa, timayamba kuganizira khunyu ndi mankhwala ake. Ngati pakhomo pali foni yojambula, akadzagwanso wina ajambule kanema pamene inu mukumusamalira. Kanema wa mphindi imodzi amatiuza zambiri kuposa kufotokoza kwa ola lathunthu: wayambira mbali iti, maso apita kuti, watha nthawi yaitali bwanji.

Mankhwala a khunyu amapezeka m'zipatala za m'maboma, ndipo anthu pafupifupi 7 mwa 10 amasiyiratu kugwa akamamwa moyenera. Mukauze dokotala za kusakhazikika ndi ndewu zija asanalembe mankhwala, chifukwa phenobarbitone, amene ndi wofala kwambiri, amatha kuonjezera khalidwe lotere mwa ana ena, ndipo pali ena monga carbamazepine ndi sodium valproate amene angasankhe malinga ndi mtundu wa kugwako. Akayamba kumwa asadumphitse, ndipo musamusiyitse nokha poona kuti wakhala miyezi osagwa. Kusiya mwadzidzidzi kumadzutsa kugwa koopsa kuposa koyamba. Kawirikawiri timadikira zaka ziwiri mwana asanagwepo, ndiye n'kumachepetsa pang'onopang'ono.

Akagwa, mugonekeni cham'mbali, chotsani zinthu zimene zingamuvulaze, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu. Thovu lake silipatsira munthu matenda, auzeni a pakhomo ndi aphunzitsi a kumkaka kuti asamuthawe. Kuphupha kukapitirira mphindi zisanu, kapena kukabwereza asanatsitsimuke, thamangirani kuchipatala chapafupi. Kuno kwathu ana a khunyu timawataya kwambiri m'malo awiri, pamoto ndi m'madzi. Asaothe moto yekha, asakhale pafupi ndi mafuwa mukamaphika, ndipo kunyanja, kumtsinje kapena m'madimba a mpunga asapite popanda wamkulu womuyang'ana iye yekha. Ana anzake sawerengedwa.

Pa za mawu, pemphani kuti amuyeze makutu, chifukwa mwana amene sakumva bwino amaoneka ngati wamwano ndiponso amachedwa kuyankhula. Funsaninso a mafizo pachipatala pomwepo, akuphunzitsani masewera oti muzichita naye pakhomo. Muzimuyankhula kwambiri, mawu afupiafupi, mukuyang'anizana naye, ndipo chikwapu muchepetse, sichichiritsa chipsera cha mu ubongo. Ana ambiri amasintha ndithu m'chaka choyamba ndi chachiwiri. Azigona m'neti usiku uliwonse, ndipo thupi likangotentha akayezedwe tsiku lomwelo, chifukwa malungo ena akhoza kudzutsa kugwa.

Mankhwala akakanika kugwira patapita miyezi ingapo, kapena mwana akamabwerera m'mbuyo pa zimene ankatha kuchita, pemphani kalata yopita kwa madokotala a ana ku Kamuzu Central. Iwo akaona kuti pakufunika kuyeza kumene kulibe kumeneko, ndi amene angalumikizane ndi anzawo a ku Blantyre n'kukupatsani tsiku. Mukangonyamuka nokha popanda kalata mukayambira pamzere wa aliyense, mumzinda wachilendo, ndalama ya mpunga ikuthera pa chakudya ndi pogona, ndipo mwina n'kukalandira mapiritsi omwewo amene ali ku Nkhotakota.

Alamu anu ngati ali ndi mtima wothandiza, ndipo ndikukhulupirira ali nawo, apempheni azikutumizirani ndalama ya thiransipoti ya mwezi ndi mwezi yokatengera mankhwala. Mabanja ambiri amene ndawaona amayamba bwino, koma pofika mwezi wachitatu kapena wachinayi ndalama ya minibasi imasowa, botolo n'kutha, mwana n'kugwanso.